Ku Mangochi muzipitako ndi akunyumba

M'maofesi ambiri a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, munthu akati "sabata yamawa tili ku Mangochi" aliyense amadziwa tanthauzo lake: msonkhano, alawansi ndi chambo cha masana. Bambo amanyamuka Lamulungu madzulo n'kudzabwera Lachisanu ali ndi jumbo ya usipa wouma komanso chipewa cha mlaza. Mayi a kunyumba nyanjayo amangoidziwa ndi fungo la nsomba m'khitchini. Masiku ano amayi nawonso akupita kumisonkhano yotereyi, abambo n'kutsala ndi ana, koma nkhani ndi yomweyo: mmodzi wapitako kakhumi, mnzake sadaionepo nyanja chibadwire. Za aja amapitako ndi munthu amene ankhoswe sakumudziwa, lero tizisiye kaye.

Sabata ino ndikufuna tikambirane za ulendo wa anthu awiri, mwamuna ndi mkazi wake, wa masiku atatu kapena anayi, wokaona anthu, mbiri ndi chikhalidwe cha kummwera kwa nyanja ya Malawi. Kugona pamchenga n'kumamwa zoziziritsa kukhosi n'kwabwino ndithu, koma zimatha kukoma tsiku loyamba lomwelo. Anthu amene akhala m'banja zaka khumi nthawi zambiri nkhani zawo zimakhala za fizi, lendi, magetsi ndi matenda a kumudzi. Akakhala pamchenga opanda choona, nkhani zomwezo zimawalondola. Koma akaima limodzi pamanda a zaka zoposa 140, kapena akaonera beni m'mudzi, amapeza chokambirana chatsopano, ndipo ena amadabwa kuti mnzawo uja ali ndi maganizo amene sadawamvepo.

Ulendo umayambira pamkeka wa kunyumba. Gwirizanani za ndalama musadanyamuke, chifukwa mkangano wa ndalama ukabuka muli kwa eni umawawa kuposa wa pakhomo. Sinditchula mitengo pano poti mmene kwacha ikuyendera masiku ano, mtengo wa mwezi uno mwezi wamawa ndi nthano. Chomwe ndinganene n'chakuti ndalama za ulendowu muzigawe patatu: zoyendera, zogonera ndi kudya, ndi zapadera zimene simuzikhudza pokhapokha zitavuta. Gawo lachitatuli ndi limene anthu ambiri amaliiwala, kenako tayala likaphulika kapena wina akadwala m'mimba, amayamba kuimbira foni alamu. Amene muli m'banki mkhonde kapena m'chipereganyu, nthawi yogawana ndalama ndiyo yabwino kupatulako kangachepe. Musakongole katapila kaamba ka ulendo wokasangalala. Ndipo ana asiyeni ndi agogo awo kapena azakhali. Ulendo wa ana udzakhalapo wake.

Nkhani yachiwiri ndi nthawi. Miyezi ya Juni, Julayi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, mphepo yochokera kummwera imene imautsa mafunde moti ulendo wa paboti umatha kulephereka, ndipo m'mawa kumazizira kuposa mmene anthu a kumtunda amaganizira. Okutobala ndi Novembala kumatentha koopsa, usiku tulo osabwera ngati chipinda chilibe chopemerera mphepo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi dzinja: udzudzu umachuluka ndipo misewu yafumbi imasanduka phala. Ine ndimakonda kumapeto kwa Epulo ndi mwezi wa Meyi, pomwe mapiri akadali obiriwira ndipo nyanja ili bata, kapenanso Seputembala mwera ukamatha. Pewani Khirisimasi, Pasaka ndi pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, pomwe dziko lonse limakhamukira kunyanja, malo ogona amadzaza ndipo phokoso la zimbale limafika mpaka mbandakucha. Kumbukiraninso kuti nyanja yathuyi imasefukira. Mchaka cha 2024 madzi adakwera kwambiri mpaka kumiza mchenga ndi zipinda za malo ena ogona alendo. Choncho imbani foni n'kufunsa mmene kulili lero, musadalire chithunzi chakale cha pa Facebook.

Pali chinthu china chokhudza nthawi chimene anthu a m'tauni sachiganizira. Anthu ambiri m'boma la Mangochi ndi Ayao, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. Mwezi wa Ramadan umasuntha ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, kotero funsani ngati ulendo wanu sukugwera m'mweziwo. Mukhoza kupitabe, palibe amene angakuletseni, koma masana malo ena odyera m'midzi amakhala otseka, ndipo si ulemu kumatafuna chimanga chootcha pakati pa anthu amene akusala kuyambira m'bandakucha. Lachisanu masana ndi nthawi ya mapemphero, ndiye ngati mwapangana ndi munthu woti akuperekezeni, musamuikire nthawi imeneyo.

Ochokera ku Blantyre ndi Zomba amadzera msewu wa M3, kuwoloka Shire pa Liwonde n'kulowera kumpoto, nyanja ya Malombe ili kudzanja lamanja. Ochokera ku Lilongwe ambiri amatsika chitunda cha Golomoti n'kukatulukira kufupi ndi Monkey Bay. Ngati mulibe galimoto musataye mtima. Mabasi ndi maminibasi amafika pa boma, ndipo kuchoka pamenepo pali maminibasi, matola ndi njinga zamoto. Pa Mangochi boma penipeni mfumu ndi kabaza wa njinga yakapalasa. Ndikupempha abambo amene amadziona ngati mabwana kuti tsiku limenelo akwere kabaza, mayi patsogolo iwo pambuyo, chifukwa tauniyi ndi yathyathyathya ndipo imaoneka bwino munthu akamayenda pang'onopang'ono.

Anthu ambiri amangodutsa pa boma kuthamangira kumchenga, koma tsiku loyamba lonse likhoza kuthera pomwepa. Tauniyi kale inkatchedwa Fort Johnston, dzina la Harry Johnston amene adakhazikitsa linga la asilikali m'derali mchaka cha 1891, pafupi ndi mudzi wa mfumu Mponda, pofuna kugwira pakhosi njira ya malonda imene inkadutsa pa Shire. Malondawo adali a minyanga ya njovu, nsalu, mfuti ndi akapolo, kupita ku gombe la nyanja yamchere. Mukatsala pang'ono kufika pa mlatho wa Bakili Muluzi mupeza nsanja ya wotchi imene idamangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain, yomwe idamwalira mu 1901. Pambali pake pali mfuti yaikulu yochokera m'sitima yankhondo ya Gwendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, sitimayi idawoloka nyanja kukawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Nkhani imasimbidwa kuti mkulu wa sitima ya Ajeremaniyo sadamve n'komwe kuti kwagwa nkhondo, ndipo adapalasa bwato mokwiya kukafunsa mnzake wa Chingerezi, amene ankamwa naye mowa, ngati waledzera.

Pamalo omwewo pali chikumbutso china chimene sichiseketsa. Ndi cha sitima ya Vipya imene idamira kumpoto kwa nyanja pa 30 Julayi 1946, ndipo anthu 145 adafera m'madzi. Imani pamenepo pang'ono. Mawa lake mwini boti akadzakuuzani kuti majekete odzitetezera pamadzi ndi osafunika poti ulendo ndi waufupi, mudzakumbukire mwala umenewu. Chapafupi pomwepo pali nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana ya Lake Malawi Museum. Ndi yaing'ono, ola limodzi mwamaliza, koma muona zida za usodzi, mbiri ya sitima za panyanjayi ndi zina za chikhalidwe cha anthu a m'mphepete mwa nyanja. Funsani mafunso kwa ogwira ntchito mmenemo, chifukwa zambiri zili m'mutu mwawo kuposa zimene zidalembedwa pakhoma.

Madzulo ake kaimeni pamlatho dzuwa likamapendeka. Apa Shire wangotuluka kumene m'nyanja ya Malawi ndipo akulowera ku Malombe. M'dera lomweli ndi mmene David Livingstone adafikira nyanjayi mu Seputembala 1859, n'kupeza anthu akukhala, akuwedza ndi kuchita malonda kuyambira kalekale. M'mabuku athu a kupulaimale ankati iye "adatulukira" nyanja, ngati kuti asodzi a pamenepo ankawedza m'chitsime.

Tsiku lachiwiri ndi limene ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa ndi limene limasiyanitsa ulendowu ndi wa msonkhano. Wolokani mlatho n'kulowera ku Malindi, tsidya la kummawa kwa nyanja, kumene alendo ambiri safikako. Kumeneko kuli mishoni yakale ya Anglican, chipatala cha St Martin's ndi sukulu ya atsikana ya St Michael's. Phiri lili kumbuyo, nyanja kutsogolo, ndipo dzuwa limalowera pamadzi, chinthu chimene simungachione bwino mukakhala tsidya la mahotela. Dera limeneli ndi kwawo kwa Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa Anglican, amene adali nduna ya zamaphunziro m'boma loyamba la Kamuzu Banda. Nduna zitasemphana ndi Kamuzu mu Seputembala 1964, Chipembere adabwerera kuno n'kulowa m'tchire. Mu Febuluwale 1965 iye ndi anthu ake adalanda boma la Fort Johnston usiku n'kuyamba ulendo wa ku Zomba, koma adakakanika pa Liwonde chifukwa pantoni yowolokera Shire idali tsidya lina. Chipembere adathawira kunja ndipo adamwalira ku America mu 1975. Amene adatsala ndiwo adalipira. Medson Silombela adanyongedwa ku Zomba mu 1966, ndipo m'zaka zotsatira anthu a m'mudzi wa Moto adatengedwa ambirimbiri kukatsekeredwa. Okalamba ena amene adaona zimenezi akadalipo. Ena amakonda kusimba, ena safuna n'komwe kuti nkhaniyo itchulidwe. Mukaona kuti munthu wasintha nkhope, sinthani nkhani.

Amene muli ndi miyendo yolimba ndi galimoto yodalirika mukhoza kukwera msewu wokhotakhota wa ku Namwera, wopita kuchipata cha Chiponde, n'kufunsa njira ya ku phiri la Mangochi. Kumeneko ndi kumene kunkakhala mfumu Jalasi, imene idalimbana ndi asilikali a atsamunda mpaka kugonja mu 1895, ndipo mabwinja a linga limene Angerezi adamanga pambuyo pake akadalipo. Osapitako nokha, pezani munthu wa m'deralo akutsogolereni. Ku Makanjira, kumene Captain Cecil Maguire adaphedwa mu Disembala 1891 polimbana ndi anthu a mfumuyo, n'kutali ndipo msewu wake wakhala ukudandaulitsa anthu kwa zaka zambiri. Pa ulendo wa masiku atatu ndingakulangizeni kuti mukusiye.

Tsono mukalowa m'mudzi, mumalowa bwanji? Safunsa adadya phula. Yambani mwaonekera kwa amfumu kapena kwa munthu wamkulu, munene kumene mwachokera ndi chimene mwadzera. Anthu ambiri amamva Chichewa, koma moni wa m'chiyankhulo chawo umatsekula zitseko. M'mawa nenani kuti "Ajimwiche uli?" Nthawi ina iliyonse "Ali uli?" akwanira, ndipo akakufunsani inu muyankhe kuti "Ndili chenene." Pothokoza ndi "Sikomo kwejinji." Adzakusekani katchulidwe, koma kuseka kwake ndi kwa chikondi. Mayi, chitenje chisachoke m'chikwama, ndipo zovala zosambira nazo zithere kumchenga wa kuhotela. Bambo, kabudula wamfupi ndi botolo la mowa m'manja si zoyenda nazo pakati pa mudzi. Nyama ya nkhumba musanyamule n'komwe. Kugwiranagwirana ndi kupsompsonana pagulu, ngakhale muli ndi mtchatho wa kutchalitchi, kusungireni kuchipinda. Mukafuna kuona mkati mwa mzikiti pemphani kwa shehe kapena akuluakulu a pamenepo, vulani nsapato, mayi afunde kumutu, ndipo musadabwe akakuuzani kuti amuna ndi akazi ali ndi malo osiyana. Akakana, thokozani n'kumapita. Bambo asathamangire kupereka dzanja kwa mayi wa eni. Dikirani muone ngati iye ayambe.

Mwezi wa Ogasiti, sukulu zikatsekera, ndi nyengo ya zinamwali: jando ya anyamata ndi nsondo ya atsikana. Apa mpofunika kusamala kwambiri. Kumsasa kumene kuli anamwali, kumene eni ake amati ndagala, si malo a alendo. Mukaona chizindikiro panjira kapena wina akakuuzani kuti njira iyi siyodutsa, bwererani osatsutsa. Munthu wolowerera kumeneko mlandu wake umakathera kwa amfumu, ndipo ndalama zapadera zija zimathera pa chindapusa. Pali mtsutso waukulu m'dziko muno pa za zinamwali: za msinkhu wa ana, za ukhondo wa mdulidwe, za maphunziro amene amasokonekera, ndi za malangizo ena amene amapatsidwa kwa atsikana aang'ono. Mtsutsowo ndi wofunika, ndipo mafumu, mashehe, makolo ndi azaumoyo a komweko akuukamba. Koma mlendo wa masiku atatu amene wafika dzulo n'kuyamba kulalikira pabwalo la eni sasintha kanthu, amangotseka pakamwa pa anthu amene akadamuuza zambiri. Chimene mungaone momasuka ndi tsiku lotuluka anamwali, pomwe mudzi wonse umavina manganje, ana atavala zatsopano, abale akuwafupa ndalama. Akakuitanani lowani m'bwalo, fupani nanunso, ndipo mayi akakukokerani kuti muvine, bambo musakanire kumbuyo kwa foni.

Gule amene ine ndimamukonda kwambiri kuno ndi beni. Amuna amavala ngati asilikali, ndi zipewa, mamendulo ndi maudindo awo, n'kumaguba motsatira ng'oma ndi wenzulo, amayi akuthira mang'ombe. Guleyu adayambira m'matauni a kugombe la East Africa poyerekeza magulu a asilikali oimba malipenga, ndipo adafala kuno makamaka ndi asilikali amene adabwerako kunkhondo ya 1914 mpaka 1918. Ukamuonetsetsa umazindikira kuti muli kusirira ndi kunyogodola pamodzi: anthu akutengera mtsamunda mayendedwe ake, kwinaku akumuseka. Sikiri ndi wina. Ameneyu gwero lake ndi mapemphero a Chisilamu otchula dzina la Mulungu mobwerezabwereza, ndipo amuna amapuma mwamphamvu mogwirizana mpaka chifuwa chimamveka ngati ng'oma. Ngati mwamupeza pamwambo wachipembedzo kapena pa sadaka ya maliro, khalani pansi mwaulemu ndipo foni ikhale m'thumba. Malo ena ogona alendo amaitana magulu a zovina kuti adzasangalatse anthu madzulo. Palibe cholakwika, koma funsani kuti ovinawo alandira zingati, ndipo yanu ndalama muipereke m'manja mwa mtsogoleri wa gululo anzake akuona.

Mukamacheza ndi amayi a m'midziyi mudzamva kawirikawiri yankho lakuti abambo ali ku Joni. Boma la Mangochi limadziwika ndi anyamata ndi abambo ambiri amene amapita ku South Africa kukasaka maganyu, ndipo nyumba zambiri za malata zimene muone m'mbali mwa msewu zidamangidwa ndi ndalama za kumeneko. Ena amatumiza thandizo mwezi ndi mwezi, ena adangoti zii zaka zikupita. Kuno ukwati wambiri ndi wa chikamwini, mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, choncho mayi amatsala pakati pa abale ake, komabe munda, ana ndi matenda zonse zili pamutu pake. Inu amene mwabwera awiriwiri mutagwirizana za ulendo, dziwani kuti mukuoneka olemera m'njira imene simukuiganizira. Musafunse mafunso ofufuza za m'banja la eni, ndipo musajambule munthu, makamaka mwana, musadapemphe.

Tsiku lachitatu tengani msewu wa M10 kulowera ku Monkey Bay, mtunda wa makilomita oposa 60 kuchoka pa boma. M'njiramo muli migwalangwa ndi milambe, ndipo m'mbali mwa msewu anthu amagulitsa mikeka, madengu, zipewa ndi timagalimoto toluka ndi mlaza. Nenererani mtengo, ndi mwambo wa pamsika, koma musafinye munthu amene waluka dengu masiku awiri pomwe usiku wathawu mwalipira bilu ya kuhotela osatsutsa ngakhale tambala. Pa Monkey Bay ndi kwawo kwa sitima ya Ilala, imene idapangidwa ku Scotland, kubwera m'zidutswa, kulumikizidwa pompano n'kuyamba kuyenda mu 1951. Mukaipeza ili padoko ndi mwayi wanu. Ngati mukufuna kukwera, funsani ku ofesi yake za tsiku lonyamuka. Dziwaninso kuti pano pali asilikali a pamadzi, ndipo chapafupi, ku Chikoko Bay, kuli nyumba ya boma. Malo oterewa sajambulidwa.

Musadafike pa Monkey Bay pali mphambano yolowera ku Cape Maclear, mtunda wa makilomita pafupifupi 18 kudutsa m'mapiri. M'njira imeneyi muli Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere ngati mphini za pankhope ya agogo. Akatswiri a miyala amati mizereyo idadza ndi nyengo pa zaka zambirimbiri, pomwe anthu ena a m'derali amauona ngati mwala wa mphamvu, ndipo asing'anga ankapalako tizidutswa tosakaniza m'mankhwala. Apa mwamuna ndi mkazi akhoza kutsutsana mpaka kukafika ku Chembe, ndipo ndi mtsutso wokoma kuposa wa ndalama ya ndiwo. Mbali ino ndi ya mfumu yaikulu Nankumba, ndipo kuli Achewa ndi Anyanja ambiri, moti mukhoza kukumana ndi gule wamkulu panjira. Malamulo ake mukuwadziwa: patukani, musaloze chala, ponyani kangachepe pansi.

Derali lili m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka kaamba ka tinsomba tamawangamawanga totchedwa mbuna. Mzika za dziko lino zimalipira ndalama yochepa polowa kusiyana ndi alendo akunja, ndiye tengani chiphaso chanu cha unzika. Mkati mwa pakiyi muli manda a amishoni oyamba a Livingstonia. Adafika pano mu Okutobala 1875 pa sitima yoyamba yotchedwa Ilala, motsogozedwa ndi E.D. Young, ndipo pakati pawo padali dotolo wachinyamata Robert Laws. Malowa adawakonda chifukwa cha doko labata, koma malungo adawatha. Dr William Black adamwalira mu 1877, ena adatsatira, ndipo pofika 1881 adali atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe. Chaka chomwecho adasamukira ku Bandawe, ndipo kenako ku Khondowe kumene kuli Livingstonia ya lero. Amene mudaphunzira sukulu za CCAP, kapena mudamangitsa ukwati wanu mumpingowo, mbiri ya Sinodi ya Livingstonia idayambira pa timanda timeneti.

Mudzi wa Chembe ndi waukulu, wothithikana, ndipo malo ogona alendo ali pakati pa nyumba za anthu. Amayi amachapa ndi kutsuka mbale pagombe lomwelo limene azungu akuwotherapo dzuwa. Dzukani m'mamawa mukaone asodzi akubwera kuchokera kokoka chilimira usiku wonse, amayi akupikisana pogula, usipa ukuyanikidwa pa matandala. Usiku nyali za asodzi zimandandalika pamadzi ngati tauni ina yamera pakati pa nyanja. Anyamata operekeza alendo adzakupezani okha. Sankhani amene ali ndi chiphaso cha bungwe lawo, gwirizanani mtengo musadakwere boti, ndipo funsani ngati chakudya ndi ndalama ya paki zili momwemo. Adzakutengerani ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna ndi nkhwazi zikutola nsomba pamadzi. Ana adzakupemphani ndalama kapena kukuimbirani ndi magitala a zigubu. Nthawi ya sukulu musawapatse, chifukwa mwana amene wapeza ndalama pagombe Lachiwiri m'mawa, Lachitatu sapitanso m'kalasi.

Izi zikundifikitsa pa funso lakuti ndalama zanu zitsala kwa yani. M'maiko ena, monga ku Tajikistan m'mapiri a Pamir, alendo amagona m'nyumba za anthu a m'midzi, kudya chimene banjalo ladya, ndipo ndalama imalowa m'thumba la mwini nyumba. Kwathu kuno zoterezi sizidafale kwenikweni, koma mukhoza kuchita zofananako. Gonani usiku umodzi pamalo apamwamba ngati thumba likulola, poti mayi nawo ayenera kulawako zimene mumalawa kumisonkhano, koma masiku enawo gonani pamalo aang'ono a anthu a komweko. Idyani m'malesitilanti a pamsika, kumene mpunga ndi kampango kapena nsima ya utaka zimaphikidwa ndi munthu amene mukumuona. Tiyi wa m'mawa mumwere zitumbuwa za mayi wa pamsewu.

Pa za nsomba, dziwani kuti chambo chachepa kwambiri poyerekeza ndi kale, makamaka ku Malombe ndi kummwera kwa nyanjayi, kaamba ka kuchuluka kwa asodzi ndi maukonde a maso ang'onoang'ono, kuphatikizapo masikito amene adaperekedwa kuti atiteteze ku malungo. N'chifukwa chake kumapeto kwa chaka, kuyambira Novembala, boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti nsomba ziswane. Wina akakutsatsani tiana ta chambo, kanani ngakhale mtengo ukhale wokoma bwanji.

Zaumoyo ndizidutsa mwachangu poti mukuzidziwa. Gonani m'masikito usiku uliwonse. Imwani madzi a m'botolo kapena othira mankhwala, chifukwa boma lino ndi limodzi mwa amene adavutika kwambiri ndi kolera wa 2022 ndi 2023. M'madzi osayenda, a bango ndi udzu, muli nkhono zofalitsa likodzo. Mukasamba m'nyanja, pakatha miyezi iwiri kapena itatu pitani kuchipatala nonse awiri mukayezetse, mankhwala ake alipo. Mu Shire ndi m'malo a bango muli ng'ona ndi mvuu, ndiye funsani eni dera musadaviike phazi. Mowa ndi kusambira siziyendera limodzi, ndipo abambo amene amafuna kuonetsa mayi kuti paunyamata ankawoloka Bua, akumbukire kuti nyanja ilibe tsidya loyandikira.

Pobwerera, a ku Lilongwe muli ndi mwayi wina. Mukafika pa msewu wa M5 musadakwere Golomoti, khoterani ku Mua m'boma la Dedza, kumene kuli mishoni ya Katolika ya mu 1902 ndi malo a zachikhalidwe a Kungoni, amene adayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976. M'nyumba yake ya Chamare muli zipinda zofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuyambira kubadwa, chinamwali, ukwati mpaka maliro, ndipo zambiri zimene mudaziona ku Mangochi osazimvetsa zikamveka kumeneko. Patulani maola awiri kapena atatu. A ku Blantyre ndi Zomba mukhoza kupumira pa Liwonde n'kukwera boti la pa Shire kukaona mvuu ndi njovu ngati ndalama yatsalako. Nsomba ya apongozi mugule tsiku lonyamuka, m'mawa, ndipo ngati mulibe chosungiramo madzi oundana, tengani youma kapena yowamba. Chambo chachiwisi chomangirira pagalasi la galimoto kuchoka ku Makawa dzuwa lili pamutu sichifika bwino ku Ndirande.